Tsiku Limene Ndinathira Mchere mu Deka

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ndine munthu amene anaimapo pakati pa amayi ochapa zovala mumtsinje wa Deka, chipewa chili m'manja, n'kuwafunsa mwaulemu wonse kuti kodi madziwa abwerera nthawi yanji. Amayiwo anasiya kuchapa. Wina anayang'ana madzi, anayang'ana ine, kenaka anakokera mwana wake pafupi. Munthu wanzeru akanatembenuka pomwepo n'kubwerera kwawo. Ine ndinapitirira. Nthawi imeneyo n'kuti buluku langa ndikadali nalo, ndipo muona posachedwa kuti zimenezi n'zoyenera kuzitchula.

Anali masiku a Chitaganya, ku Wankie konkuno, tikukhala mukomboni ya Nambala 2. Ndinkagwira ntchito m'nyumba ya nyali, kupukuta ndi kupereka nyali kwa anthu olowa mumgodi wa malasha. Sukulu ndinangoinunkhiza. Chingerezi ndinachiphunzira ndekha pa nyuzi zokulungira nyama ndi pa zitini za jamu, mpaka anthu anayamba kundibweretsera makalata awo kuti ndiwawerengere. Kuyambira pamenepo mutu wanga unakula ndithu (chipewa chija chingachitire umboni).

Mkazi wanga Nachisale anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ndipo chakudya chinamukana. Nyama ya phoso, imene ankatigawira kumgodi, akangoinunkhiza, thawani panjira. Nyemba ayi. Matemba ouma obwera pa sitima ankati akununkha ngati jombo za mumgodi. Ankangomwa phala lamadzimadzi, mikono ikuonda ine ndikuona, mpaka namwino wa kuchipatala anandiloza chala pamphuno kuti mkaziyu akapanda kudya, tidzalira tonse.

"Nanga mukufuna chiyani, Nachisale? Nenani, ndikachipeza."

"Nsomba yaiwisi," anatero ali chogona pamphasa. "Yoti ndiione ikuphiriphitha."

Tsono ku Wankie aliyense ankakhulupirira kuti Mnyasa aliyense anabadwira m'bwato. Ine kwathu ndi kumapiri a Dedza, kumene nsomba imafika pa njinga itauma kale gwa, maso atalowa m'kati. Mbedza ndinali ndisanaigwirepo. Kukhomo loyandikana ndi lathu kunkakhala a Zuze, mkulu wochokera ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere, munthu woti anakulira mu ukonde. Ndikanangogogoda. Koma a Zuze sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndipo makalata awo ndinkawawerengera ndine. Mphunzitsi akafunse nzeru kwa wophunzira? Ndinati ayi, nkhaniyi ndi ya m'buku.

Ndipo buku ndinali nalo. Ndinalitola kudzala la kuseri kwa kalabu ya azungu, lopanda chikuto, masamba oyamba atapita kale kokapichira fodya. Linkaphunzitsa kuwedza nthawi yotentha pamathiriro a mtsinje, pamene madzi a mtsinje amakumana ndi madzi a mchere. Ndinaona ndithu kuti likukamba za kunyanja, kutali kwambiri ndi ife. Koma ndinati madzi ndi madzi, nsomba ndi nsomba, ndipo kutentha ndiye tinali nako kokwanira kugawirako ena. Unali Novembala, mvula isanagwe, dzuwa loti ngakhale abuluzi ankayenda monyang'ama.

Bukulo linanena momveka. Nyengo yotentha nsomba zimadya pamene madzi akudzadza, pakuti madzi a kumeneko amachoka n'kubweranso kawiri pa tsiku, ndipo kumapeto kwa buku kunali ndandanda wa maola ake. Linati funani malo amene mchere ukusakanikirana ndi madzi ozizira. Linati yang'anani mbalame, pamene zikuzungulira ndi pamene pali nsomba. Linatchulanso nsomba ina yonona imene imalira ngati nkhumba ikagwidwa, ndipo imeneyo ndiyo ndinamusankhira Nachisale. Nyambo yake anaijambula: kachilombo kopindika msana, kamiyendo yambiri, kandevu ziwiri zazitali.

Ndinakayang'anitsitsa kachilomboko n'kuzindikira kuti ndi chiwala chabe, koma chandevu. Loweruka nditaweruka ndinagwira ziwala chitini chodzadza, ndipo chilichonse ndinachimangirira ndevu ziwiri za ulusi wa khonje. Musaseke, ndi ntchito yofuna luso. A Zuze anandipeza pakhonde ndikumanga chachisanu ndi chitatu.

"Achimwene, ziwalazo zalakwanji?"

"Ndi zamaphunziro izi, a Zuze."

"Oho." Anaima pang'ono, n'kupita.

Vuto linatsala pa mchere, pakuti Deka alibe. Koma chimene chikusowa munthu amawonjezera. Nyama yathu ya phoso, imene inkangotisautsa m'nyumba, ndinakasinthanitsa ndi mchere kwa anthu osakwatira a mukomboni, ndinakhuthuliranso wa m'chigubu cha Nachisale mpaka kugogoda kunsi kwake, ndipo zonse pamodzi zinafika theka la thumba. Lamulungu m'mawa, anzanga akupita kutchalitchi (kumene ndinayenera kuwerenga mawu tsikulo), ine ndinazemba ndi thumba paphewa, nsungwi ya mbedza m'manja, buku m'malaya, ndi wotchi yathu ya belu ikulendewera m'khosi.

Nditafika ku Deka ndinapeza mchenga wokhawokha ndi maiwe apa ndi apo. Mtima unadumpha ndi chimwemwe. Madzi achoka, monga momwe buku linanenera! Ndi pamene ndinafunsa amayi aja funso langa. Mmodzi wa iwo, gogo wa Chinambya, mtundu wa komweko, wamikanda m'khosi, anandiyankha m'Chilapalapa, chinenero chathu cha kumgodi.

"Ini wena funa?" Ndiye kuti ukufunanji.

Ndinamufotokozera kuti madzi abwera ikamakwana 2 koloko ndi mphindi khumi, ndipo ndinamuonetsa tsamba lake. Gogoyo anagwira bukulo chadodolido, analinunkhiza, n'kundibwezera. Analoza kumtunda kwa mtsinje, kutali kumene kunali kamtambo kakuda ngati chikhatho, nati ndisakhalitse pamchenga. Ndinamuthokoza monga momwe munthu wophunzira amathokozera anthu osadziwa, n'kupitirira.

Mbalame ndinaziona, zikuluzikulu, zikuzungulira pamalo amodzi kuseri kwa mitengo ya tsanya. Ndinathamanga ndi thumba langa, minga ikundikala, thukuta likulowa m'maso. Ndinapeza miimba ikudya bulu wakufa. Inandiyang'ana ngati ikufunsa kuti ine nthawi yanga ndi liti. Ndinatsegula buku kuti ndione ngati likutchulapo za abulu. Silinatchule.

Pafupi pomwepo panali dziwe lalikulu ndithu, lokhala ndi mkuyu pakachilumba ka mchenga pakati pa mtsinje. Ndinati mathiriro anga akhala pano. Ndinakoleka wotchi panthambi ya mkuyu, belu nditalitchera pa ola la m'buku. Ndinazika kamtengo m'mphepete mwa madzi n'kukadula mizere yoyezera kudzadza kwake. Kenaka ndinavula jombo za kuntchito ndi buluku langa la Lamulungu, n'kuzipinda bwinobwino pamwala, pakuti munthu wa pachithunzi cha m'buku anali m'madzi mpaka m'mawondo. Ndinatsala ndi malaya ndi kabudula wam'kati amene Nachisale anandisokera kuchokera ku thumba la ufa.

Mchere ndinathira mbali imodzi yokha ya dziwe, kuti mbali inayo ikhale ya madzi ozizira ndipo ziwirizi zikumane pakati. Ndinavundula ndi nsungwi. Ndinalawa. Ndinaonjeza. Ndinalawanso, ngati mayi wa paukwati, mpaka thumba lonse linatha. Achule atatu anatuluka m'madzimo n'kusamuka osayang'ana m'mbuyo.

Ndinaponya chiwala choyamba, ndevu zake zikuyandama. Ndinadikira, khutu nditatchera kuti ndimve kulira kwa nkhumba. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Ziwala za m'chitini zinali zitakolana ndevu, zonse zasanduka mpira umodzi wolusa. Palibe chinagwira mbedza. Sindinadandaule, pakuti buku linati madzi akachoka nsomba zimagona.

Itatsala pang'ono kukwana 2 koloko, ndinamva kaphokoso ngati sitima ya malasha ili kutali. Ndinayang'ana kamtengo kanga. Mzere woyamba unali utamira.

Abale, sindinasangalalepo chotero chibadwire. Ndinavina pamchengapo ndekha. Ndinakuwa kuti, "Abwera! Abwera!" Mzere wachiwiri unamira, wachitatu. N'zoona kuti madziwo ankachokera kumtunda, pamene buku linati amachokera kunyanja, kumunsi. N'zoonanso kuti anali ofiira ngati thobwa ndipo ananyamula zitsotso, nthambi ndi dzungu limodzi. Koma ndinati nkhani zimenezo ziyenera kuti zinali m'masamba aja anapichira fodya. Tsidya lina amayi aja ankathamanga ndi mabeseni pamutu, akundikodola ndi kukuwa. Ndinawakwezera dzanja monyadira. Ndinkaganiza kuti akundiyamika.

Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo, monga mwa chithunzi. Ndisanaponye mbedza anali m'chiuno. Ndinaona buluku langa likudutsa, miyendo ili tambalale ngati likupita kokayenda, jombo zikulitsatira. Pambuyo pake panadutsa bulu uja, mwimba umodzi uli pamsana pake. Apa m'pamene ndinayamba kulikayikira buku.

Mmene ndinakwerera mkuyu sindikudziwa mpaka lero. Ndinangozindikira ndakumbatira nthambi, madzi akubangula pansi panga, nsungwi yapita, buku lapita. Mvula inali itagwa kumtunda kuja, kumene gogo analoza, pamene ine pamutu panga dzuwa linali phwee. Ndikupemphera pemphero limene ndinayenera kupemphera m'mawa kutchalitchi, belu la wotchi linalira pakhutu panga penipeni, ngrrrr, kundidziwitsa kuti tsopano madzi adzadza.

Ndinakhala mumtengomo maola atatu. Anthu anasonkhana pagombe, a m'midzi ya pafupi ndi ena a kumgodi obwera koyenda. Kabudula wanga anali ndi zilembo zazikulu zofiira kumbuyo, zonena kulemera kwa ufa ndi kuti usungidwe pouma. Mwamuna wina amene ine ndemwe ndinamuphunzitsa zilembo anaziwerenga mokweza, pang'onopang'ono, osalakwitsa ngakhale chimodzi, kenaka anamasulira m'Chindebele kuti onse apindule. Monga mphunzitsi wake ndinanyadira pang'ono.

Madzi atayamba kuphwa anandiponyera chingwe chomangira ng'ombe n'kundikokera kumtunda ngati thumba. Ndipo apa mpamene ndinaona chinthu chondiwawa kuposa zonse. M'mathawale amene chigumula chinasiya m'mbali mwa mtsinje munali milamba yochuluka ikuphiriphitha m'matope, ndipo amayi aja ankangoitola ndi manja n'kumaponya m'mabeseni ochapira. Popanda mbedza, popanda wotchi, popanda ndevu. Gogo uja anandifunsa chimene chinandibweretsa kudzafera kuno. Nditamuuza za Nachisale, nkhope yake inasintha. Anasankha milamba iwiri yonenepa, anaitunga pa luzi, anandivekanso chitenje chake chochapa kumene, n'kundikankha kumsana kuti ndifulumire isanafe.

Ndinalowa mukomboni dzuwa lili pafupi kulowa, wopanda nsapato, chitenje m'chiuno, wotchi m'khosi, nthawi yeniyeni imene amayi a chigwirizano ankachokera kumapemphero a madzulo. Ndinawapatsa moni. Anayankha akuyang'ana kumwamba.

Nachisale sanafunse za buluku. Anangoona milamba ikugwedeza michira, anadzuka pamphasa paja ngati sanadwalepo, n'kusonkha moto yekha. Fungo litayamba kutuluka mumphika, sanathamangire kunja. Anali kuimba. Ine ndinakhala pakhomo misozi ili m'maso, ndikuganiza kale zimene ndikanene kwa kapitawo za jombo. Kenaka ndinamva chigubu chikugogodwa.

"Bambo, mchere uli kuti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndikufunsa inu. Dzulo munali wodzadza umu."

"Uli ku Deka."

"Ukutani ku Deka?"

"Pano mwina wafika ku Zambezi."

Anandipatsa kambale, n'kuloza khomo la a Zuze. Tsiku limenelo Nachisale anadya milamba yonse iwiri, ine anandisiyira mutu umodzi, ndipo kuchokera pamenepo anayambanso kudya. Mwana anabadwa wonenepa bwino. Nsomba za miyezi yotsalayo ankatigwirira ndi a Zuze, ndi mono wa mabango. Ine ndimanenabe mpaka lero kuti ndandanda uja unangophonya ndi mphindi makumi awiri zokha, ndipo kwa buku lopanda chikuto zimenezo si zochepa.

Koma ndinkanena za kambale. Ndinagogoda, ndikadali m'chitenje, ndipo a Zuze anatuluka. Nkhani inali itawafika kale, monga momwe nkhani zimayendera mukomboni. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka pa wotchi, anatenga kambale, anakadzazamo mchere, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Achimwene," anatero mofatsa, "kwathu ku Chinde ife osaphunzira timayamba tagwira nsomba, kenaka mchere. Inu mwakoleretsa nsomba zonse kuyambira pano mpaka kwa amayi anga. Mwangoiwalako ziwiri zokha, za mumphika mwanu."