Buku la Malemu a ku Woodlands

Anzanga, imvani! Pansi pa bedi langa pali katoni yodzadza ndi mabuku akale a ana, onse anga, ochita kundipatsa mwini wake ndi manja awiri! Koma njira imene ndawapezera ndi yamanyazi, moti wina akakaulula ku kalasi, chibale chathera pomwepo.

Matenda anga mukuwadziwa. Inu nthawi ya break mumathamangira chipsi, ine Loweruka ndimakagwada pa mabuku oyala pansi mu town, kusakasaka aja a chikuto cholimba, mapepala achikasu, zithunzi za mitundu iwiri yokha. Ndisanawerenge ndimayamba ndanunkhiza. Amayi amati tsiku lina ndidzakoka chifuwa cha nthawi ya atsamunda.

Ndiye Lachinayi nditaweruka kusukulu ku Woodlands, ndinadzera njira yachidule yopita pokwerera basi. Pa nyumba ina geti linali lotsegula. Pabwalo panali masofa, matebulo, matiresi, ndipo pambali pa bini panali katoni. Pamwamba pa katoniyo, buku lofiira! Pachikuto pake kamtsikana kakwera sitima ndi mbuzi yake.

Mtima unati, "Taonga, pita kwanu." Dzanja linati, "Zili pa bini, n'zotaya." Dzanja linapambana.

M'basi ndinamuonetsa Mwansa, mnzanga wa desiki limodzi, ndikuyembekeza kuti achita nsanje. Nditamufotokozera, anangotong'ola maso.

"Masofa panja? Na matebulo?"

"Ee, bwanji?"

"Mayo! Iwe Taonga, unakulila kuti? Masofa yakankhala panja ni malilo! Bamachosa katundu kuti bazimai bankhale pansi."

"Koma bukuli linali pa bini."

"Mabuku yakudala so, ya kalekale, yangankhale ya ndani? Ya malemu! Waba buku ya munthu wakufa. Azabwela kuitenga, uzaona."

Anasuntha n'kukakhala mpando wina.

Kuyambira pamenepo chikwama chinalemera ngati ndasenza njerwa. Nditafika kwathu ku Kabwata ndinatsegula chikuto. Mkati munali dzina lolembedwa ndi dzanja la mwana: Saidi. Fungo lija ndimalikonda linayamba kundimvekera ngati la dothi la kumanda. Bukulo ndinalisiya patebulo kuti ndikamwe madzi, pobwera ndinapeza masamba atembenuka okha. Zenera linali lotsegula, inde, koma nanga mphepoyo inaitanidwa ndi ndani? Kenako m'msana mwa buku munamveka kukwanda, kwee, kwee, ngati zikhadabo.

Kuuza amayi? Ayi ndithu! Amayi ndi mtsogoleri wa mapemphero kutchalitchi kwathu. Akanangomva kuti m'nyumba mwalowa katundu wa wakufa, mabuku anga onse akanaona palafini ndi machesi, ine n'kukagwetsedwa pansi kwa abusa. Ndinangotenga Baibulo lawo n'kupsinja pamwamba pa bukulo.

Koma taonani matendawa! Pasanapite nthawi ndinachotsa Baibulo lija n'kuwerenga buku lonse mpaka kumapeto. Ndinati ngati n'kufa, ndife ndikudziwa zimene zinaichitikira mbuzi.

M'mawa mwake Mwansa anandipatsa plan.

"Pa malilo sungangene na uniform chabe. Vala chitenge na duku. Uyambe kulila pa geti monga bamachitila bazimai, palibe azakufunsa. Ukafika pa katoni, ponya buku, thawa."

Titaweruka, ndinamanga chitenje cha amayi pamwamba pa uniform, duku kumutu. Mwansa anandiperekeza mpaka pa kona, kenako anakumbukira kuti ali ndi homework.

Masofa anali pompaja. Koma panalibe tenti, panalibe nyimbo, panalibe ngakhale munthu mmodzi. Zii! M'mazenera munkatuluka kautsi koyera, konunkha zowawa. Ndinati basi, anaika kale, anthu abalalika, watsala mwini wake yekha.

Ndinayamba kulira pa geti monga tinapanganira. "Mayo ine! Agogo athu inu! Mwatisiya ndi yani!" Ndisanafike pakati pa bwalo, kulirako kunali kwenikweni. Ndinagwada pa katoni, n'kutulutsa buku.

"Buku langa limenelo."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. Nditacheuka, anzanga, ndinaona munthu wamtali, wowonda, waima m'kati mwa utsi. Woyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi! Pakamwa ndi pamphuno atamangapo nsalu, kukuoneka maso okha.

"Ndi... ndinu a Saidi?"

"Ndine. Ndinakuona dzulo ukulitenga."

Ndinayamba kukwawira chambuyo.

"Ndimati ndichite kukulondola kwanu," anatero akuyandikira, "koma ndinadziwa kuti ubwera wekha."

Sindikudziwa mawu ndinawatenga kuti. "Fire! Moto, moto, moto! Pepani agogo, sindinang'ambe tsamba ngakhale limodzi! Tengani, bwererani kumene mwachokera! Gonani mumtendere!"

Anaima, n'kuyang'ana pabwalo.

"Ndigona bwanji, mwanawe, matiresi ali panja?"

Ndinakuwa kwambiri moti agalu a nyumba zoyandikana anandithandiza. Kuseri kwa nyumba kunatulukira mayi wachikulire, manja ali thovu lokhalokha.

"Mwana wa yani ameneyu? Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

Ndinaloza ndi chala. "Awa!"

Mayiwo anayang'ana ine, anayang'ana iwo, anayang'ana duku langa. Kenako anagwera pa sofa n'kuseka mpaka misozi.

"Che Saidi, mwamva? Mwamwalira, osandiuza ine mkazi wanu!" Atapezako mpweya anati, "Mwanawe, lero Lachisanu, awa angochokera ku mzikiti, n'chifukwa chake avala mkanjo. Muno mwafa mphemvu zokha. Tikupopera mankhwala kuyambira dzulo."

Mphemvu, anzanga! Ndinamanga duku, ndinalira pa geti, kulirira mphemvu!

Agogo Saidi anatsitsa nsalu ija, kunatuluka ndevu ndi mano akuseka. Ananditambasulira dzanja kuti nditsine. Ndinatsina ndithu. Linali lofunda.

Anandikhazika pa sofa, n'kundipatsa madzi. Ndinapepesa maso ali pansi, ndikufuna nthaka ing'ambike. Iwo anangofunsa kuti, "Wawerenga? Mbuzi ija inathera kuti?"

"Inadya tikiti, ndiye anawatsitsa onse awiri pa siteshoni yolakwika."

Anawomba m'manja ngati mwana. Anati mabukuwo ankawagulira bambo awo, telala wochokera ku Malawi, limodzilimodzi akasoka suti. Adzukulu awo akawapatsa amangosuzumira n'kubwerera pa foni.

"Ndipo m'nyumba mwanga salowanso," anatero Mayi Asiyatu, mkazi wawoyo. "Katoni imeneyo ndiyo likulu la mphemvu. Atuluke mabuku kapena ndituluke ine."

Agogo anaisisita katoniyo. Kenako anati, "Munthu amene wawerenga buku mpaka kumapeto akuganiza kuti mwini wake ndi mzukwa, ameneyo ndiye woyenera kuwasunga. Tenga onse."

Anandikweza m'kagalimoto kawo mpaka ku Kabwata kuti amayi asaganize kuti ndaba. Tsoka lake, anawafotokozera zonse, mpaka kuyeserera mmene ndinkanenera "Fire!" Amayi anandikalipira za dzanja lapatali, koma pakati pa kukalipako anaphulika nako kuseka. Akuti Lamulungu akapereka umboni kutchalitchi. Ndikupemphera aiwale.

Phunziro ndalitola: ukaona masofa panja, yamba wafunsa amene wafa usanayambe kulira.

Tsopano mawa mukatha kuchapa, thamangani kuno mudzaone! Muli la ndege yokhala ndi nkhope, muli lina zithunzi zake zimadzuka ukatsegula, muli la Chinyanja chakalekale choseketsa. Musambe m'manja, ndipo palibe wobwereka. Mwansa, iwe ubwere ndi homework yako ija ndidzaione. Ndipo aliyense anyamule silipasi m'manja, chifukwa ena mwa ofedwa, achibale a mphemvu zija, asamukira kwathu ndi katoni yomwe!