Nsapato za apulofesola zinalowa m'mbiri ya pulojekiti

Mpaka lero ndikamva nsapato zikulira pasimenti, ndimafuna pobisala.

Chaka chatha apulofesola Bulande, amene amatiphunzitsa makompyuta pashikola pathu pa Chifunde, anatilowetsa m'pulojekiti ina ya pa intaneti. Ndi pulogalamu yaulere yothandiza alimi, ndipo aliyense wofuna amathandiza kuikonza. Ine ndinkaika mawu ake m'Chinyanja. Anatilonjeza kuti wolimbikira adzamulembera kalata yokaphunzira ku Tete patchuthi. Kalatayo ndinkailota ndili maso.

Ukasintha kanthu m'pulogalamumo, umasiya kauthenga kofotokoza zomwe wachita, ndipo kamasungidwa m'mbiri ya pulojekiti. Ine ndinkayesa kuti timauthengato sawerenga munthu, amangowerengera kuchuluka kwake. Tsono poti ndinazolowera kulemba za tsiku lililonse m'kabuku kanga, ndinayamba kulemba momwemo. "Ndakonza mawu a mbewu, njala ikundipweteka." Kenako: "Ndakonza za mvula. Nsapato za apulofesola zikulira ngati mwanapiye wosochera." (Za nsapatozi ndinalemba kasanu ndi kawiri. Zinkaliradi.)

Nditamaliza, ntchito yanga inapita kwa amayi Tembo a ku Chipata, amene amaunika zonse zisanalowe. Anayamikira, kenako anandipatsa njira ziwiri: kuphatikiza zosintha zanga zonse zikhale chimodzi ndi uthenga umodzi watsopano, zomwe amati sikwashi, kapena kuzilowetsa momwe zinalili, chilichonse ndi kauthenga kake.

"Mwana wanga, ine ndikukulangiza sikwashi," analemba. "Timauthenga tako wabwerezanso kutiwerenga?"

Ine ndinangoona chimodzi: dzina langa, m'malo mooneka maulendo makumi anayi, lioneke kamodzi ngati la waulesi. Ndinayankha mwaulemu wonse kuti thukuta langa lisafufutidwe. Anafunsanso kachiwiri ngati ndatsimikiza. Ndinatsimikiza (ndinaikaponso kamtima).

Lolemba apulofesola anatiunjika pakompyuta yawo kuti anzanga aone khama langa. Anatsegula mbiri ya pulojekiti n'kuyamba kuwerenga mokweza, monyadira. Pa za njala anthu anaseka pang'ono. Atafika pa mwanapiye mawu awo anatsika, koma sanaleke. Anawerenga kasanu ndi kawiri konse, aliyense akuyang'ana mapazi awo.

Ndinapempha amayi Tembo kuti afufute. Anandiuza kuti anthu ambiri anakopera kale mbiriyo, ndipo kuisintha tsopano kungasokoneze ntchito ya onse.

Masiku atatu sindinatchule za kalata. Lachinayi apulofesola anandiitana okha, kalata ili m'manja, yosainidwa.

"Ntchito njabwino," anatero. "Koma ku Tete ukalembe zomwe wakonza, osati zomwe wamva."

Anachoka pang'onopang'ono, akuponda mwadala, kwii, kwii, mpaka pakhomo.

Tsopano sikwashi ndimavomera asanamalize n'kufunsa. Za nsapato ndinabwezera m'kabuku kanga, ndipo zafika tsamba lachitatu.