Timapini Tofiira ta Profesa

Pulani inabadwa pa botolo lachitatu, m'bala ya kuseri kwa depoti, dzuwa likadali paliwombo.

"Sitolo ya mafoni ija tiikolope Lamlungu masana," anatero Chigaza, mkulu wa gulu, akumenya tebulo. Mandevu, dalaivala wawo, anagwedeza mutu. Kenako Chigaza anatembenukira kwa mlamu wake, amene ankamutcha Profesa. "Nanga inu alamu ophunzira, muthandizapo chiyani? Kudinadina basi?"

Mawuwo anamulasa Profesa. Zaka zisanu akukonza mawebusaiti, mlamu wakeyo sanamuyamikirepo n'kamodzi komwe. Koma mwayi sununkha: mwini sitoloyo anali atangomupatsa ganyu pafoni, osaonana n'komwe, yoti aike mapu pawebusaiti kuti makasitomala asamasochere.

Profesa anatenga pulogalamu ina ya mapu yaulere, imene aliyense amaloledwa kuisintha, n'kupanga mapu awiri: a makasitomala ndi a gulu. Achiwiriwo ndiye anaikapo mtima wonse. Ukakoka ndi chala, msewu ukutsatira. Ukatambasula zala, mpaka ngalande ikuoneka. Ukadina kapini kofiira, kakukuuza: "Loko wa apa ndi wowola." Kena: "Galimoto idikire pano, 12 koloko."

Ndiye mowa uli m'mutu, anatumiza fayilo imodzi kuwebusaiti ya sitolo. Abale, ndichite kunena kuti anatumiza iti?

Lamlungu atatuwo anafika kukhomo lakuseri monyang'wa. Anapeza loko watsopano, waliwali, ndi apolisi awiri atakhala pa makatoni, ndendende pamene panali kapini.

Chigaza ndi mkhalakale, sanatekeseke. "Akuluakulu, ife tikungodutsa. Tasochera."

Apolisi anawasecha, osapeza kanthu, poti chitsulo chothyolera loko Mandevu anali atachiiwala kunyumba. "Pitani," anatero wapolisi wamkulu mogwa ulesi.

Apo n'kuti mwini sitolo akutuluka, foni ili m'manja. "Amene anapanga mapuwa ndi mbava, komanso ndi mbuli. Akuchedwa kutseguka ngati akuchokera kumaliro."

"Zoona bwana," anathirira ndemanga Chigaza, akusuzumira. "Ntchito ya munthu wosaphunzira iyi."

Profesa anali ataponya kale mapazi atatu kulowera kumsewu. Mtima unamuwawa, unamuwawadi. Anabwerera, n'kutsomphola foniyo.

"Vuto ndi netiweki yanu, bwana, osati mapu! Taonani apa. Kabatani aka simunakaone n'komwe." Anadina, ndipo mzere wobiriwira unatuluka, kukhotakhota mpaka kudepoti. "Njira yothawira iyi! Masiku atatu ndikuivutikira!"

Mandevu anakhala pansi yekha, n'kuyamba kuvula nsapato.

Wapolisi wamkulu anakulitsa mapuwo, kuwachepetsa, kuwakulitsanso. "Koma achimwene, luso muli nalo. Ine ntchito yaukhondo chonchi sindinaionepo." Unyolo unati khethe.

Profesa anatembenuka, nkhope ikuwala, manja ali kumbuyo.

"Mwamva, alamu?"