Kapinga wa ku Daresalamu

Lolemba

Ndalemera ine! Gwakisa, mwana wanga woyendetsa lole, watulukira m'mawa kuchokera ku Daresalamu ndi chimpukutu paphewa. Ndimati ndi mphasa. Kutambasula, mayo ine, kapinga! Wobiriwira biriwiri, Okutobala muno, pamene mudzi wathu wonse wa Mwenilondo wasanduka phulusa.

Akuti ndi wa pulasitiki, ankamutaya pa hotela ina. "Amama, ameneyu sadya, samwa, sakula. Muzingomusesa." Wakwera lole, wapita. Udzu wosamwa madzi, ku Karonga? Mwana uyu anayamba bodza asanamere mano.

Wafika pa nthawi yake kapingayu. Loweruka kukubwera akwawo a mphunzitsi wa ku Dedza amene akufuna mdzukulu wanga Lusubilo. Ovomereza kapena kukana ndi azakhali ake a mnyamatayo, ndipo ndamva zimene ananena. Ati kuno timagona ndi ng'ombe, pakhomo pathu ndi fumbi ndi ndowe basi, mwana wawo asatengeko mkazi. Abwere! Adzameza mawu awo popanda madzi.

Ndamuyala pabwalo, moyang'ana kumsewu. Anthu akugwa panjinga.

Lachiwiri

Ndamuthirira tambala asanatsike. Madzi angodutsa. Ludzu lake!

Malamulo a pakhomo pano kuyambira lero:
Nkhuku ayi.
Ana ayi.
Wa nsapato ayi, wa ming'alu kumapazi ayinso.
NyaGondwe wa kuseriku aziyang'anira kutali, maso ake amafotetsa ndi nthochi zomwe.

A tcheyamani a chipani aima pamsewu, akuyang'ana nthawi yaitali. "Agogo, chinthu chokongola chonchi chimayenera pansanja ya msonkhano." Ndati zoona bambo, koma chili ndi nsikidzi za ku Tanzania. Apita akudzikanda.

Masana Sikujuwa, ng'ombe yanga, yadula chingwe. Yathamanga mchira m'mwamba, yaluma pakona, yatafuna, yatafuna, yalavula. Yandiyang'ana ngati ndaitukwanira amake. Kona imodzi yapita.

Lachitatu

Kapinga wadwala! Dzuwa lili pamutu ndamugwira, watentha ngati chiwaya. Akununkha tayala. Thadzi laswa lamulo, laponda pakati, lavina malipenga mpaka kutsidya. Ndaseka mpaka chifuwa, kenako ndachita mantha.

Malungo amenewa. Ndamufunditsa masamba a nthochi ngati mbande. Wazizirako.

NyaGondwe wasuzumira pampanda. "Anganya, chomera chilichonse chimafuna manyowa. Mukumupha ndi njala." Mkazi uyu sananenepo chanzeru chibadwire, koma lero mwina. Madzulo ndasungunula ndowe za Sikujuwa mumtsuko, ndazira bwinobwino monga timazirira pansi m'nyumba. Idya mwanawe, unenepe, Loweruka uwale!

Lusubilo wangogwira pakamwa. "Agogo, si ndowe zomwezo ananena azakhali aja?" Ndamuuza kuti apite akapete mpunga.

Lachinayi

Ndowe zapsa. Zauma gwa, ngati chigumu choiwalika pamoto. Ntchentche za Karonga yense zabwera ku msonkhano, za ku Mlare zafika mochedwa koma zafika.

NyaGondwe akuseka kuseri kwa nthochi. Ndikumumva. Mulungu akumuona, inenso ndikumuona.

Tamunyamula ndi Lusubilo mpaka kuchitsime ngati maliro. Zimene zathera pa iye:
sopo wanga wa ku tchalitchi,
zitsononkho dengu lonse,
msana wanga,
ulemu wanga, poti amayi onse otunga madzi afunsa ngati tsopano tikuchapa minda.

Wayera! Koma tsitsi lake lagona lonse mbali imodzi. Ndamupesa ndi chipeso cha Lusubilo. Chipeso chatha mano, kapinga wadzuka. Ndavina ndekha pabwalo. Azakhali a ku Dedza, konzani maso!

Lachisanu

Wauma ndi makwinya. Mlendo sangaone makwinya pakhomo panga. Ndabwereka simbi yositira, ndaika makala abwino. Kungokhudza kamodzi, fyuu! Utsi. Simbi yanyamuka ndi udzu wake, pansi patsala chibowo chooneka ngati simbi yomwe, mphuno ndi matako.

Palibe kanthu. Ndakhazikapo mtondo. Aziti ndi mmene amachitira ku Daresalamu.

Lusubilo wagwada. "Agogo, chonde, tingoyala mphasa pansi pa mango. Anthu aja akudzaona ine." Mwana wopanda nzeru! Pansi pa mango kapinga sawala. Ndipo alendo afika m'mawa kusanatenthe, basi ya usiku imatula anthu dzuwa likutuluka. Ndaganiza zonse ine.

Nthochi zasendedwa, nyama yophikira limodzi kuti ikhale mbalagha ilipo. Alamu anga a Mwakalinga, mkulu wa malemu amuna anga, avomera kudzalandira alendo. Makutu awo anapita kale, koma pakamwa padakali moyo.

Loweruka

Ndachotsa masamba a nthochi m'mamawa. Akuwala! Tadikira. Tadikira. Basi yafera panjira.

Afika dzuwa lili paliwombo. Kutsogolo azakhali, mayi wathupi, nsalu yatsopano, kamwa yopinda. Aona kapinga, kamwa yatseguka. "Eee! Kapinga m'chilimwe?" Mtima wanga waimba nyimbo ya amayi a Umanyano ku tchalitchi. Ndisanatsegule pakamwa avula nsapato, alowa pakatikati, agwada. Maondo onse awiri!

Ndipo alamu ayamba moni.

Moni wa kwathu sathamangira. Mughonile. Ndagha. Mwayenda bwanji. Kunyumba mwasiya bwanji. Ana. Ana a ana. Odwala. Mvula ya chaka chatha. Mkulu akulonjera, mlendo sadzuka. Mkulu akulonjera, mkazi wa mng'ono wake salowetsapo mawu, zaka zonsezi sindinayambe ndawadula alamu. Ndagwada pakhonde pamthunzi, ndikutsokomola, ndikuphethira, ndikuloza ndi mlomo kumango. Alamu akuganiza kuti ndikuwakumbutsa ng'ombe.

"Nanga ng'ombe kwanuko zadzuka bwanji?"

"Tilibe ng'ombe, bambo."

"Mwati chiyani?"

"Tilibe!"

"Pepani, pepani. Zinafa liti?"

Azakhali akusinthanitsa maondo ngati thadzi lija. Thukuta likutsika m'makutu. Koma mayi uyu ndi wolimba, ndimupatse zake, akuombabe m'manja, akuyankhabe zikomo, zikomo. Alamu ayamba kufotokoza mankhwala a nkhupakupa.

Wadula ndi Lusubilo. Mwana amene sayang'ana mkulu kumaso! Watuluka ndi mtsuko, wati "Pepani agogo aamuna, mlendo akupsa," wakhuthula madzi onse pa maondo a azakhali. Nthunzi fuu! Wawadzutsa, wawakokera pansi pa mango. Mphasa inali yoyala kale, anaiyala mobisa m'mawa. Wawapaka mafuta, wawakulunga masamba a nthochi, wawapatsa mbalagha.

Matuza awiri, lililonse ngati dzira la bakha. Ine ndalowa m'nyumba kukafuna chinthu chimene sindinataye.

Ndili momwemo ndikumva azakhali. "Ndinamva kuti ku Karonga kumatentha. Sanandiuze kuti ndi udzu womwe umawotcha." Kenako aseka, aseka mpaka kutsamwa. "Mtsikanayu tamutenga. Wadziwa nthawi yosunga mwambo ndi nthawi yotunga madzi. Koma agogo akewo atsale konkuno, ndi munda wawo."

Nthungululu! Yoyamba ya NyaGondwe, mfiti.

Lamulungu

Apita m'mawa. Azakhali akuyenda ngati akuwoloka mtsinje, nsalu atakweza. Andigwira dzanja, ati alamu anga ndi munthu wachikondi, palibe anawafunsapo za ng'ombe chotere. Za fumbi ndi ndowe sanatchule. Za kapinga atchula, ndipo azitchula ku Dedza mpaka imfa.

Ku tchalitchi aliyense akundifunsa ngati ndathirira. Ndi abusa omwe.

Lusubilo akuimba kukhitchini. Wapeza banja chifukwa cha ine, koma sanena.

Kapinga ndamukokera kuseri. Ndayanikapo chinangwa cha kondowole. Chauma tisanamalize kudya, sichinayambe chaumapo msanga chonchi. NyaGondwe wabwera ndi dengu lake, ati abwereke mawa.

Ndamuuza kuti abwere masana, avule nsapato, adzapemphe atagwada.