A Finyani ndi Kachipinda ka Matsache

Poyamba ndipepese. Ine si mlembi. Kusukulu mayeso ndinalemba ambiri, ena ndinakhoza bwino ndithu, koma nkhani yoti anthu awerenge sindinalembepo, ndipo ndime ino yokha ndaifufuta kanayi. Ndipepesenso kwa malemu amene ndikufuna kuwakamba, chifukwa akanaiona nkhaniyi akanangoyang'ana kutalika kwake n'kutsokomola. Koma ndiyenera kulemba. Pali chinthu chimene ndabisa kwa chaka chathunthu, ndipo ndikachiulula mwina ntchito indithera. Mukapeza cholakwika m'kalembedwe kanga, mundikhululukire.

Munthuyo ankadana ndi chilichonse cholemera kapena chachitali. Tinkawatchula a Finyani, chifukwa mawu amenewa ndi omwe ankatuluka m'kamwa mwawo kuposa ena onse.

Ofesi yathu ili pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Timakonzera masukulu, zipatala ndi mabungwe masamba a pa intaneti. Tinalimo anayi: abwana, omwe ndi mayi, wojambula zithunzi, ine wolemba mawu, ndi a Finyani. Gawo lawo linali lomaliza. Tsamba likatha, likuwala pa kompyuta yaikulu, iwo ankalipanikiza kuti likwane pa foni. Ankachepetsa zithunzi, kudula zokongoletsa, ndi kufoletsa mawu onse mumzere umodzi woti munthu azingotsika nawo ndi chala. Anali ndi pulogalamu yodzilembera okha, yomwe ankaitcha Sefa. Chithunzi chikalemera kwambiri, Sefa inkachitaya, ndipo wa foni yaing'ono ankangoona kabokosi kopanda kanthu, koma mawu onse ali pompo.

Tsiku langa loyamba anandifunsa kuti ndinaphunzira mpaka pati. Ndinayamba kufotokoza mwadongosolo, kuyambira kupulayimale.

"Finyani."

"Ndimati, bambo, nditamaliza sekondale ndinasankhidwa..."

"Finyani!"

"Ndili ndi digiri."

"Basi. A Digiri, mpando wanu ndi uwo."

Dzina langa lenileni sanalitchulepo mpaka kufa kwawo. Ankati lili ndi zilembo zochuluka.

Moni wawo unali woopsa. Ine ndinaleredwa kuti munthu wamkulu umamufunsa za iye mwini, za mayi akunyumba, za ana, ndi za mwendo umene unkamuvuta sabata yatha. Iwo ukangotsegula pakamwa ankayankha zonse pamodzi, n'kukuyankhiranso zako: "Ife bwino, inu bwino, ntchito." Wojambula amalumbira kuti pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, atapatsidwa mphindi khumi zolankhula m'malo mwa banja, anaimirira n'kunena kuti, "Mwana ndi uyu. Musamuzunze. Zikomo." Ine kunalibe, choncho sindingatsimikize, koma akuti woyendetsa mwambo anali asanafike n'komwe pampando wake.

Chimene tinkaopa kwenikweni chinali pansi pa masitepe. Pali kachipinda kosungiramo matsache ndi zidebe, kopanda zenera, komwe netiweki imafika ngati yabwera wapansi. M'menemo ankasungamo kafoni kakale kong'ambika sikirini, komangidwa ndi mphira kuti batire isagwe. Lamulo linali lakuti tsamba lililonse, lisanapite kwa anthu, mwini wake alowe nalo m'menemo. Ukhale pa chidebe chovundikira, utseke chitseko, utsegule tsambalo pa kafoniko, uwerenge mokweza mpaka khumi. Iwo ankaima panja, khutu lili pachitseko.

Simungamvetse ngati simunalowemo. Mdima bii, fungo la chikolopa chonyowa, mphemvu zikuyenda m'mapazi, ndipo pa sikirini kachizindikiro kakungozungulira. Ndinaphunzira kuwerenga mokoka kuti tsamba lipeze mpata.

"Zisanu... ndi... ziwi... ri..."

"A Digiri! Mukuwerenga kapena mukuimba nyimbo ya maliro?"

"Likubwera, bambo, mutu wake waoneka!"

"Ndikufuna tsamba, osati mwana wobadwa. Tulukani mukadule."

Wojambula ankati bola kukazulitsa dzino. Tsiku lina analimba mtima n'kuwauza kuti masiku ano anthu ali ndi mafoni abwino. A Finyani anavula magalasi, zomwe zinkatanthauza kuti zinthu zavuta.

"Anthu ake ati? Iwe ndi anzako? Wofuna tsambali sali pa mpando wozungulira ngati wakowo. Ali pamzere, dzuwa likumuwotcha, mwana ali kumsana, batire yatsala kadontho. Iwe ukumutumizira maluwa ovina. Adya maluwa?"

Ngakhale abwana sanapulumuke. Anajambulitsa chithunzi chokongola, tsitsi lokonzedwa tsiku lonse, choti chikhale pamwamba pa tsamba la kampani yathu. A Finyani analowa nacho okha m'kachipindako. Tinawamva akuwerenga mpaka khumi ndi zinayi.

"Mayi, nkhope yanu ikulemera."

"Mwati chiyani?"

"Pa foni. Ikutuluka pang'onopang'ono kuyambira pamphumi. Munthu bandulo imuthera asanaone maso anu."

A Finyani atachichepetsa, abwana anakuwa ofesi yonse kumva. "Ndikuoneka ngati nkhupakupa!"

"Koma mukutseguka pa zitatu," anatero iwo, mokhutira ngati awapatsa mphatso.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Tinkayang'anira tsamba la chipatala china cha maso. Madokotala ochotsa ng'ala ankabwerako kamodzi pa miyezi inayi, ndipo achibale a odwala ankaona tsiku lake pa tsambalo. Nthawi imeneyo ndinali ndidakali pa miyezi yoyesedwa. Unali utatsala umodzi kuti andilembe ntchito yokhazikika. Lolemba lina chipatala chinaimba foni kuti madokotala sabweranso Lachisanu, abwera Lachitatu, tisinthe msanga. A Finyani kunalibe, anali atapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi.

Ndinafuna kuonetsa kuti sukulu sindinapitire pachabe. Ndinapanga chithunzi chachikulu chofiira, ndi zilembo zoyera zonenepa: TSIKU LASINTHA, BWERANI LACHITATU. Ndinachiika pamwamba penipeni. Pa kompyuta yanga chinkaoneka ngakhale utaima pakhomo. Mawu akale a m'munsi, onena Lachisanu, sindinawakhudze. Ndinkati chithunzi chikuwaphimba. Kenako ndinatsika masitepe, ndinagwira chitseko cha kachipinda kaja, ndinamva kanthu kakuthamanga mkati. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe wondiona. Ndinabwerera m'mwamba.

Sefa inagwira ntchito yake mokhulupirika. Chithunzi changa chinali cholemera, inachitaya. Pa mafoni aang'ono panatsala kabokosi kopanda kanthu, ndi pansi pake mawu oti Lachisanu.

Lachisanu masana mkulu wa chipatala anakwera masitepe athu osagogoda. Nkhalamba makumi awiri ndi ziwiri zinali zitafika m'mawawo, zina zochokera kutali, zogwiridwa dzanja ndi ana awo, koma madokotala anali atapita dzana. Anaponya patebulo la abwana foni ya mwana wa mmodzi wa odwalawo, tsamba lili chotsegula.

"Werengani. Pakuti chiyani apa?"

Abwana anawerenga. Anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Ndani wachita zimenezi?"

Ndinaganiza za amayi anga, omwe anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo wayamba ntchito ya makompyuta. A Finyani anatenga foniyo, anayang'ana kabokosiko, anayang'ana kompyuta yanga, pomwe chithunzi chofiira chinali kuwala ngati moto. Ine sanandiyang'ane.

"Sefa yanga yameza," anatero. "Mlandu ndi wanga."

Abwana anawakalipira a Finyani, munthu wa imvi zake, pamaso pa mlendo. Anawalembera kalata ya chenjezo, n'kuwalanda mphamvu yoimitsa tsamba. Iwo anangoti, "Ndamva." Mlendo atapita ndinawapeza pamasitepe. Ndinali nditakonza mawu ambiri.

"Bambo, ine ndimafuna ndifotokoze kuti tsiku lija, poona kuti inu munali..."

"Finyani."

"Pepani."

"Yakwana. Ine sangandichotse, Sefa amaidziwa ndani? Inu mwatsala mwezi. Koma mverani: chinthu chofunika muzichilemba ndi mawu. Chithunzi chimagwa panjira."

Sabata yotsatira a Finyani anapempha kuchipatala manambala a odwala onse aja, n'kuyamba kuimba. Apa ndi pamene tinaona zachilendo. Munthu amene moni wake unali mawu asanu anakhala masana athunthu akufunsa nkhalamba iliyonse za maso, za ulendo, za adzukulu, za mwendo. Ena ankawatukwana, iwo ankamvetsera mpaka wotukwanayo atatopa, n'kunena kuti, "Mukunena zoona, agogo, pitirizani." Wojambula ananong'ona kuti mwina magazi aja akwera kumutu. Ine sindinaseke. Madokotala atabweranso patapita miyezi inayi, odwala makumi awiri anabwera. Awiri sanaonekenso. Chifukwa chake sindikuchidziwa, ndipo ndakhala ndikuopa kufunsa.

Ntchito yokhazikika ndinaipeza. Abwana anandiyamikira kuti ndine munthu wosamala.

A Finyani anatisiya miyezi itatu yapitayo. Anagwa pageti la kunyumba kwawo m'mawa, chikwama chili m'manja, akubwera kuntchito. Titapita kukapepesa, mayi akunyumba, maso ali ofiira, anatiuza kuti, "Sanadwale n'komwe. Ngakhale imfa aifinya." Tinaseka, kenako tinalira, kenako tinachita manyazi kuti taseka. Anatiuzanso kuti kalata yowafunsira inali ndi mawu atatu okha, ndipo akuisungabe. Sanatiuze mawuwo, ife sitinafunse.

Ofesi yathu tsopano yakula, ngakhale makoma ndi omwewo. M'mawa timapatsana moni wautali, wofika mpaka kwa azakhali, koma palibe amene amamva yankho la mnzake. Misonkhano imatha maola awiri. Nthawi zina wina akatsokomola pamasitepe, tonse timawongoka m'mipando, kenako n'kukumbukira kuti ndi wa m'sitolo ya zitsulo. Masamba athu anenepa. Pa tsamba la sukulu ina taikapo kanema wa ana akuguba, ndipo mlongo wanga, yemwe mwana wake amaphunzira komweko, anandiimbira kuti wayesa katatu kuona tsiku lotsegulira, bandulo yatha akuona nsapato za ana a eni. Ndinamuuza kuti mwina ndi netiweki.

Lachinayi lapitali abwana anati Lolemba tizimitsa Sefa. Anati mwini wake kulibenso, komanso ndi pulogalamu yosadalirika. "Mwaiwala kuti inameza tsiku la madokotala? Inatichititsa manyazi. Malemuwo anali munthu wabwino, koma apa paja analakwitsa." Wojambula anavomera. Abwana anayang'ana ine, munthu wawo wosamala.

Ndinagwedeza mutu. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti ndinagwedeza mutu movomera.

Sefa ikazimitsidwa, mayi wa pamzere uja sadzatsegulanso tsamba lathu lililonse, ndipo chifukwa chimene adzatchule m'ofesi muno chidzakhala bodza limene munthu wakufa ananena pofuna kundipulumutsa. Iwo anasenza mlanduwo kuti ndidutse mwezi umodzi. Ine ndawasenzetsa chaka, ndipo ndinatsala pang'ono kuwasenzetsa mpaka kalekale.

Ndikuopa, sindibisa. Abwana akakwiya mawu awo amatsika. Mwina andiuza kuti ndisiye makiyi patebulo. Mwina wojambula sadzandiyankhulanso, poti nayenso wakhala akuuza anthu kuti a Finyani ankayamba kusokonezeka. Amayi anga adzafunika kuuza mpingo nkhani ina.

Komabe Lolemba ndifika msanga. Abwana asanaike chikwama pansi, ndiwauza kuti tsiku la madokotala ndinaliika m'chithunzi ndine, kuti mawu akale ndinawasiya ndine, ndi kuti kachipinda ndinakathawa ndine. Ndiwapempha ang'ambe kalata ya chenjezo ija, asiye Sefa, ndipo ngati ndidzakhale ndidakali pantchito, andilole ndiiphunzire. Ndikachoka pamenepo, kaya ndili ndi makiyi kaya ndilibe, ndipita kuchipatala kukapempha manambala a nkhalamba ziwiri zija. Sindikudziwa chimene ndidzanene akayankha. Sindikudziwanso ngati alipo woti ayankhe. Ndiimbabe.