Buku la Adona Likuwonda

Lolemba
Adona a ku mishoni andibwereka buku lachingerezi, lonenepa ngati njerwa. "Aphunzitsi, mubweze Lamulungu lili bwinobwino." Ndayambitsa gulu lowerenga pakhonde la sukulu pano pa Sinda. Ine kuwerenga ndi kumasulira, iwo kumvetsera. Malamulo:
Osasinza.
Osakamba za Chitaganya.
Osaswa mtedza ndikamawerenga.
Khonde ladzaza. Tatsogola basi!

Lachiwiri
Nkhani yake ndi ya munthu wofunafuna mng'ono wake amene anasowa. Koma mlembi ameneyu! Masamba ndi masamba akungofotokoza zenera. A Naphiri: "Kodi atuluka liti m'nyumbamo?" Theka la anthu lathawa. A Tembo sadziwa kuwerenga, koma akusisita pepala: "Kufewa kwakeko!" Akupempha kuti azigona nalo kwawo. Ndalola. Chikondi chotere pa mabuku sindinachionepo.

Lachitatu
Chiganizo chimodzi chatithera dzuwa. Pofika kumapeto ndaiwala amene amalankhula. Mtedza ukusweka poyera. A Tembo alitenganso. Fodya wawo masiku ano akununkhira mwachilendo.

Lachinayi
Munthu uja watuluka m'nyumba! A Naphiri aimba nthungululu. Othawa aja ayamba kubwerera. Koma bukuli likupepuka m'manja. Kapena ndalizolowera.

Lachisanu
Munthu uja akufunsa m'matauni, palibe wamuona mng'ono wake. Khonde lili zii, ngakhale mtedza waleka. A Tembo akupukuta maso. Mng'ono wawo anapita ku Joni kalekale, ngakhale kalata. Lero bukuli sanalipemphe.

Loweruka
Mawa buku libwerera kwa eni. Onse: "Dumphani, tiwerengereni kumapeto! Anampeza?" Nditembenuza. Mayo ine! Kumapeto kulibe! Kwatsala ulusi wokha. A Tembo ayang'ana pansi: "Ndimapichirira fodya, aphunzitsi. Ndinayambira kumbuyo, ndimati sitikafikako." Ena awiri avomera kuti anagawiridwa. A Naphiri awathamangitsa ndi lichero. Ndikanena chiyani kwa adona?

Lamulungu
Ndapereka buku, manja onse awiri, thukuta kamukamu. Adona sanalitsegule n'komwe. "Mwafika pomaliza? Anampeza kodi? Ine ndinalekera pa zenera paja." Ndati inde, anampeza. Bodza, pa tsiku la Mulungu, pakhomo pa tchalitchi.

Pobwerera ndipeza a Tembo akundidikira panjira, chipewa m'manja. Atulutsa ndudu m'thumba, aifunyulula mosamala, fodya n'kutayira pansi. "Yatsala iyi yokha. Sindinathe kuiyatsa. Werengani, mwina anena."

Ndawerenga. Ndi zenera lija, akulifotokozanso.

"Akuti chiyani?"

Ndati akuti mng'ono uja wafika, akugogoda pazenera. A Tembo apinda kapepalako, aika m'chipewa, napita osatsanzika.

Mabodza awiri tsiku limodzi. Gulu latha. Mawa ndikaphunzitsa masamu.