Munyamule Kaye Chitsulo Changa

Amene akuti ine Jeke ndine wabodza aimirire pompano ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye khalani pansi nonse, ndipo inu alamu anga a Lufeyo, muuzeni mwana wanuyo amasule ng'ombe pangolopo zisavutike ndi dzuwa, chifukwa ulendo mwaukonzawu suli pafupi. Mukuyesa sindikudziwa chimene mwadzera? Mlongo wanu Nangondo, mkazi wanga, tamuika m'manda, tameta, ana anga mwadikira abwerere kutauni, ndiye lero mwatulukira ndi ngolo, akuti mwambo ndi mwambo, mkamwini akaferedwa amamusudzula abwerere kwawo. Kwathu kuti? Ku Kabudula kumene ndidachoka ndevu zisanamere, kumene ngakhale galu sangandigwedezere mchira? Mwati mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Mame ake ati okhala pamudzi mpaka kuona zidzukulu za zidzukulu? Nkhope mwabwera nazo zachisoni, koma mitengo ya chigafa imene mwaunjika kuseri kwa nyumba yangayi ndaiona. Mukufuna pabwalo panga pano muziyanikapo fodya.

Chabwino, mwambo sindiukana ine. Koma mwambo womwewo umati wosudzulidwa amapita ndi katundu wake yense, osasiya ngakhale mpini, ndipo omukwezera katunduyo ndi eni mudzi, ndinu. Katundu wanga ndi uyo wagona patsinde pa mtengo wa mangowo, mtanda wachitsulo uwo ndi mawilo ake uku ndi uku. Mukachikweza pangolo, nane ndikwera, osatembenuka. Mukachilephera, ine ndi chitsulo changa tifera pano. Koma musanachikhudze mumve kaye kuti n'chiyani, kuti mawa mukamayenda ndi misana yothyoka musadzati a Jeke sadatichenjeze.

Ine ndidapita ku Joni nthawi ya atsamunda, inu a Lufeyo mukuthamanga opanda kabudula, mamina ali mbwee. Nthawi imeneyo kunyamula zitsulo inali ntchito ya amuna, osati izi za anyamata a pa Nsaru pano, othira simenti m'zitini za penti n'kumadzijambula pafoni. Kukomponi kwa mgodi ankationetsa bayisikopo, ndiye tinkaona akatswiri a kutsidya kwa nyanja, ena a ku Iguputo, ena a ku Amereka, ena a ku Rasha, makosi ngati mitondo, atamanga lamba m'chiuno, atapaka ufa woyera m'manja, akukoka chitsulo kufika pachifuwa, kenako n'kuchikankhira kumwamba, n'kuima njii mpaka woweruza atawomba m'manja kuti basi tsitsa. Lamulo lake linali lomwelo, woweruza asanawombe sutsitsa. Anzanga poona zimenezo ankangoti eee, eee. Ine ndinkayasamula. Mukumva?

Ndiye kudabwera Bunu wina, katswiri wa migodi yonse, dzina lake ndikulidziwa koma sinditchula, ana ake angachite manyazi. Munthu ameneyo pokhala pansi ankafuna mabenchi awiri, m'mawa ankadya mazira ndi zigoba zomwe n'kutsirizira ndi nkhuku imene yaikirayo, lamba wake chinali chikopa cha ng'ombe yathunthu mchira uli lende kumbuyo, ndipo akapuma mwamphamvu zipewa za akapitawo zinkauluka. Ankayenda komponi ndi komponi, chitsulo chakecho chili palole, n'kumati mwamuna amene achinyamule kufika pamwamba pa mutu atenge, n'chake. Amuna adayesa, abale. Mshangani wina adangochigwedeza pang'ono, mpaka imfa yake ankayenda chobwerera m'mbuyo. Msuthu wina adakoka, adakoka, iye ndi amene adalowa m'nthaka mpaka m'chiuno, chitsulo chili phee, ndipo tidachita kumukumba ndi mafosholo.

Iwe wangolo, ukusuzumira chiyani m'nyumba mwanga? Ukuwerenga malata eti? Bwera ukhale apa ndizikuona.

Ine tsiku limenelo ndinali nditangotuluka pansi, wowonda ngati bango, m'mimba muli nyemba zokha. Nditati ndiyese, komponi yonse idaseka, akuti Mnyasa uyu watopa ndi moyo. Ufa wawo woyera uja adandimana, akuti si wa anthu akuda, ndiye ndidatapa phulusa pambaula n'kupaka. Lamba ndinalibe, ndidang'amba chiguduli n'kumanga m'chiuno. Ndidawerama, kugwira, kukoka, chitsulo pachifuwa, kukankha, chitsulo kumwamba, ndipo Bunu uja ataona kuti chuma chake chikupita adalumpha n'kulendewera mbali iyi kuti ndipendekeke, ine kuona choncho ndidaitana wophika wa pakomponi, chimunthu chonenepa, kuti alendewere mbali inayo zilingane, ndiye ndaima, chitsulo, Bunu ndi wophika zonse zili m'mwamba, ndikudikira woweruza awombe m'manja, osadziwa kuti mwamunayo wakomoka kalekale, wagona chagada miyendo ili m'mwamba. Nanga ndikadatsitsa bwanji? Lamulo ndi lamulo. Dzuwa lidapendeka, belu lidalira, anthu adapita kuntchito, adaweruka, adabwerako, ine chiimire, mvula idagwa n'kukata, nkhunda zidabwera n'kumanga chisa pamtandawo, kuikira, kuswa, ana n'kuuluka, wophika adaonda mpaka buluku lidamuvuka, ndipo mapazi angawa adamira pang'onopang'ono mpaka anzanga okumba pansi mumgodi adayamba kundigogoda zidendene ndi nyundo, akuti phazi ili n'la ndani likutitsekera njira. Ndikanama mphezi indiwombe pompano! Woweruza atatsitsimuka adawomba m'manja mwakachetechete, ine n'kuchitsitsa, ndipo kugunda kwake akuti ku Halale madzi adatayika m'migolo.

Bunu uja ukatswiri wake udathera pomwepo. Sadanyamulenso ngakhale kapu ya tiyi, ankachita kumumwetsa mkazi wake. Pamenepo azungu adandizungulira, akuti tikutengere kutsidya kwa nyanja ukalimbane ndi a m'bayisikopo aja, sitima yapamadzi yaima ikudikira iwe, ukavala lamba weniweni, dzina lako likamveka pawailesi. Mukudziwa ndidayankha chiyani? Ndidati pepani mabwana, pamsika wa pa Nsaru ndidasiya mtsikana wogulitsa mtedza, wa mpata m'mano, amene adandiyang'ana kamodzi n'kuseka, ndipo ndikachedwa ena andipitirira. Mtsikanayo anali mlongo wanu, a Lufeyo. Ndidakana Amereka chifukwa cha mudzi uno, lero ndi inu mwabwera ndi ngolo.

Ulendo wobwerera nawo sudali wamasewera. Sitima yapamtunda itangomva chitsulo chalowa idayamba kulira ngati mbuzi, pachitunda choyamba idaima n'kuyamba kubwerera chafutambuyo, oyendetsa adandigwadira, ine n'kutsika, chitsulo paphewa, wapansi m'mbali mwa njanji, ndipo pasiteshoni yotsatira ndidachita kuidikira sitimayo ndikukazinga chimanga. Pa Zambezi eni bwato adakana, ndiye ndidangolowa m'madzi n'kuyenda pansi penipeni, chitsulo chikundipanikiza kuti ndisayandame, ng'ona zikundipatukira, ndipo nditavuukira tsidya lino m'matumba a jekete munali nsomba zokwanira ndiwo mpaka ku Namitete. Mukumva inu akumbuyoko? Kunong'onezanako muleke. Ngati mwapangana kuti wina andisokoneze ndi nkhani, ena azikalowa m'nyumba kutulutsa mphasa, mwalemba m'madzi.

Nditafika kuno kudzafunsira mbeta, bambo anu, Mulungu awasunge, adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati anthu a ku Joni ndi aulesi, amangodziwa kupesa tsitsi, tione ntchito yake kaye. Ndidati nenani apongozi. Iwo adati nkhokwe iyo ili pamalo oipa, madzi amalowa pansi, mupasule mumange kumtunda. Kupasula? Ndidaikumbatira ndi chimanga chake chomwe, makoswe ali momwemo, nkhuku ili padenga, n'kukaikhazika kumene ankafunako, nkhukuyo osadziwa n'komwe kuti yasamuka. Chaka chomwecho lole ya ansembe idaphulika tayala pamsewu wa ku Nambuma, jeke adaiwala kumishoni, ndiye ndidainyamula ndi dzanja limodzi, linalo ndikudya nzimbe, masisitere ali m'mwambamo akuimba nyimbo, mpaka tayala adasintha. Dzina la Jeke lidachokera pamenepo. Ndani pano amadziwa dzina langa laubatizo? Palibe, ngakhale inu alamu.

Nanga chitsime mumamwachi mumayesa adakumba ndani? Palibe adakumba. Chinali kudambo uko, ndipo Nangondo ali ndi pathupi poyamba adadandaula kuti ndowa ikumupweteka khosi pachitundapa, ine kumva choncho sindidadye n'komwe, ndidatsetsereka, kuchigwira chitsimecho m'milomo mwake, kuchigwedeza uku ndi uku ngati dzino, kuchizula chonse ndi madzi ake, kuchisenza osataya ndi dontho lomwe, n'kudzachizika apa. Simudadzifunsepo kuti chitsime cha kumtunda chimapeza kuti achule a kudambo? Musaope, chimenecho sindichiwerengera pakatundu wanga. Ndikusiyirani, sindine wouma mtima ngati anthu ena.

Tsiku limene ndidamaliza kufolera nyumba iyi ndidatula chitsulo patsinde pa kamtengo ka mango, kali kofika m'mawondo, n'kumuuza mkazi wanga kuti pamene chagona chitsulochi ndi pamene ndidzagone ine. Kuyambira tsiku limenelo sichidasunthepo. Adabwera achinyamata a mpira, adalephera. Adabwera ogula zitsulo zakutha ndi sikelo yawo yakubayo, sikelo idangoona n'kuthyoka yokha. Palibe munthu wobadwa mwa mkazi amene adachisuntha ngakhale kachala kamodzi, kupatula ine mwini wake.

Mukuti chiyani kumeneko, mayi a Esitere? Yankhulani mokweza, inu ndinu mpongozi wa a Lufeyo, mwatumidwa, ndikudziwa. Mukuti chaka chatha chitsulochi chinali mbali iyo ya mtengo, ya kumsewu, lero chili mbali ino? Ndiye mwakhala mukuzonda pabwalo panga eti? Mtengo ndi umene udasuntha! Mitengo ya mango imatero ikakalamba, funsani a zaulimi ku Chitedze. Mukusekanji? Ndati mtengo... Ha! Inu simukumudziwa Nangondo. Mkazi uja sankafuna kuona tsamba ndi limodzi lomwe pabwalo pake. M'mawa uliwonse, inu muli mtulo, ankachikoka ndi dzanja limodzi, tsache lili kudzanja linalo, kusesa pansi pake mpaka mbee, n'kuchibwezera pamalo pake penipeni, mawilo m'maenje ake, kuti anthu podzuka aziti chitsulo cha a Jeke sichisuntha. Ine ndinkamuonera pazenera, iye ankadziwa kuti ndikumuona, ndipo palibe adatchulapo kwa mnzake, zaka zonsezi. Alendo akabwera ndikamasimba za Bunu uja, iye ndi amene ankawonjezera za nkhunda ndikaiwala.

Ndanena zimenezo ine? Chabwino, ndanena. Anali mkazi wa katswiri, mumati akhale wofooka?

Tsiku lomaliza kusesa, matenda atamugwira kale, adachikokera mbali ino monga mwa masiku onse, adasesa, koma pobwezera mphamvu zidamuthera. Adakhala pansi pomwepo, tsache pamwendo, akupuma movutika, n'kundiyang'ana pazenera paja, n'kuseka ndi mpata wake uja. Mawa lake tidapita naye kuchipatala, ndipo kuno adabwera m'bokosi. Ine kuchibwezera sindidafune. Musandifunse ngati ndidayesa, ndati sindidafune. Taonani masamba aunjikana pansi pakepo, mtima umandiwawa ndikamawaona, koma tsache lake ndimalephera kuligwira.

Ndiye nkhani ndi imeneyo, alamu. Manda ake ali apo, kuseri kwa mitengo iyo, ndikakhala pakhonde pano ndimawaona. Ku Kabudula sindikawaona. Koma mwambo ndi mwambo, ndidalonjeza, ndipo Jeke sabweza mawu. Dzukani anyamata, muli anayi, ngolo iyo. Gwirani pamene padagwira dzanja la azakhali anu, muchichotse pamene adachisiya iwo, mukweze. Ine chipewa changa ichi, ndavala kale.

Bwanji tsono? Iwe wangolo, wafika pamtengo n'kuima, manja kumbuyo, wayang'ana pansi. Werama! A Lufeyo, mukupukuta chiyani m'maso, fodya wake simunayambe n'kuyanika komwe? Mukuti atembenuze ng'ombe? Osayesako n'komwe, amuna anayi athunthu?

Hede! Ndidakuuzani ine kuti n'cholemera.